Mpunga M'kona ya a Nampinga

Pamaliro a a Nampinga mwezi wathawu, amene analankhula nthawi yaitali kuposa onse ndi alamu awo, a Bonifesi. Anaimirira chipewa chili m'manja n'kunena kuti mudzi wataya mtengo waukulu, munthu amene anabweretsa chitukuko kuno kunyanja, ndi kuti nyumba ya masewero imene malemu anamanga idzakhala chikumbutso mpaka kalekale. Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa kiyi wa chikumbutsocho anali m'thumba la jekete la wolankhulayo, ndipo wakhalamo zaka zingapo tsopano. Pamaliro munthu wosakhala mbale sapatsidwa mpata wolankhula, ndipo mwina n'chifukwa chake maliro athu amayenda mwamtendere. Zimene ndinameza tsiku lija ndi zimene ndalemba panozi.

Chikumbutso chimene ankanenacho ndi chinyumba chachitali chija chopanda mawindo, chimene chili kumanja kwa msewu musanatsikire ku Kachulu, pamene fungo la matemba limayambira kukulonjerani. Alendo a pa minibasi amayesa ndi tchalitchi chimene mpingo wake unagawikana chisanathe. Si tchalitchi. Ndi bwalo la sikwashi, ndipo kunyanja kuno sindinamvepo za linzake. Sikwashi ndi masewero a anthu awiri otsekeredwa m'chipinda cha makoma anayi, aliyense ndi raketi yake, kumamenyetsa kampira kakuda kukhoma lakutsogolo mosinthanasinthana. Amene walephera kukabweza kasanadumphe kawiri wataya pointi. Ukamaonera umayesa misala. Ukalowamo umatsimikiza kuti ndi misala ndithu, koma mawa lake umapezeka wabweranso.

A Nampinga sanali mbadwa ya kuno. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo kuno anatsatira mkazi, mai Elube, monga amachitira mkamwini aliyense. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yaukalaliki m'maofesi a boma ku Zomba. Masewerowa anawaphunzira pa kalabu ina ya m'tauni, m'masiku amene munthu wakuda ankati akalowa ndi raketi, mlonda n'kumufunsa kuti wanyamulira ndani. Atapuma pantchito, anzawo anagula zigayo ndi maboti. Iwo anatenga penshoni yonse n'kumangira chipinda chomenyeramo mpira, pamalo a akuchikazi, pafupi ndi nyumba yawo. Mulungu sanawapatse mwana. Abale awo a ku Phalombe atamva za chinyumbacho anati amalume anadyetsedwa khuzumule, ndipo anasiya kubwera kudzawaona.

Mmisiri woyamba sanachimalize. Khoma litafika pamsinkhu wa nyumba ya anthu, iye anayamba kufunsa za mitengo ya denga, koma a Nampinga anati apitirize. Anawonjezera mizere ya njerwa n'kufunsanso, yankho n'kukhala lomwelo. Mapeto ake anatsika n'kunena kuti iye ndi mkhristu, samanga nawo nsanja ya Babele. A Nampinga sanakangane naye. Anatulutsa kampira m'thumba, n'kukakankha ndi raketi mofatsa kuchokera m'munsi. Kanakwera kupitirira mutu wa khoma n'kukagwera m'chinangwa cha eni ake. Anamuuza kuti denga likhale pamwamba pa pamene kampira kafika, chifukwa nyumba yonseyi ikumangidwira mpira umodzi umenewo. Mmisiriyo anatola zida zake, ndipo anadzamaliza ndi wina wa ku Songani amene sankafunsa mafunso.

Mpira umodziwo ndi uja woyambira, umene osewera amati sevu. Woseva amaponda phazi limodzi m'kabokosi kojambulidwa pansi m'mbali mwa khoma, n'kumenya mpira kukhoma lakutsogolo, pamwamba pa mzere wofiira wapakati, kuti ukagwere kumbuyo, mbali ya mnzakeyo. Akapeza pointi amasamukira m'kabokosi ka mbali inayo n'kusevanso, choncho makona onse awiri akumbuyo amagwira ntchito mosinthana. Ambiri amaitenga sevu ngati moni chabe, chinthu choti uchite msanga kuti masewero ayambe. Kwa a Nampinga sevu ndiyo inali masewero, zotsalazo n'kungomalizitsa. Ankati mu sikwashi monse muli mpira umodzi wokha umene umaumenya uli chiimire, wosathamanga, wosazemba raketi ya mnzako, mpira uli m'dzanja lako ndipo nthawi ili yako. Munthu wotaya mpira umenewo mwachisawawa ankamuona ngati msodzi woponya ukonde asanaone kumene mphepo ikuchokera.

Anyamata amakonda sevu yamphamvu, yolira ngati mfuti, kuti odutsa pamsewu adziwe kuti m'chipindamo muli mwamuna. A Nampinga ankaiseka. Ankati mpira waukali umakagunda khoma lakumbuyo n'kubwerera wokha pakati, kudzadzipereka kwa mdani. Yawo ankaitcha sevu yaulemu. Ankaima m'kabokosi kakumanja n'kuukankha mpira chokweza, mosapupuluma. Unkagunda khoma lakutsogolo pamwamba kwambiri, n'kuyandama m'munsi mwa malata ngati ukuganiza kaye, n'kudzakhudza khoma lakumanzere pang'ono chabe, kenako n'kutsikira m'kona yakumbuyo. M'menemo sunkadumpha, unkangofika n'kugona. Kwa munthu wa dzanja lamanja kona imeneyo ili kumbali yake yofooka. Raketi imagunda makoma awiri, ndipo ukati waukolowola mpirawo, umatuluka wopanda mphamvu, pamene a Nampinga aima kale pakati pa bwalo, pamphambano ya mizere yofiira, kudikira kuti atseke nkhani. Pamphambanopo ankapatcha pampando. Ankati ntchito ya sevu yabwino si kupha, koma kukupatsa mpata wokafika pampando mnzako akadali kukumba m'kona.

Ine ndinawadziwa nditasamutsidwira kusukulu ya pulayimale ya pafupi, ndili kale bambo wa ana ndi kamimba kanga. Masiku amenewo ankalowa ambiri: asodzi, namwino wa pachipatala chaching'ono, wapolisi wina wa pamsewu. Onse anathawa, ndipo sindiwanena. A Nampinga anali munthu wovuta, ndipo imfa isawasandutse mngelo. Sankayamika. Ukabwera ndi nsapato za pansi pakuda ankakubwezera pakhomo, ati zimadetsa simenti. Munthu unkabwera kuti uthamange, utuluke thukuta, iwo n'kukuimika m'kabokosi masabata ndi masabata, kuseva, kukatola mpira, kusevanso, osakulola kusewera ngakhale pointi imodzi. Msodzi wina anaponya raketi pansi n'kunena kuti kwawo ali ndi khoma lake limene angathe kulimenya popanda kutukwanidwa. A Nampinga anatola raketiyo, n'kuipukuta, osamuyang'ana. Ine ndinatsala chifukwa cha makani basi, si kuti ndinkawakonda.

Atatopa ndi kuseva kwanga anandiimika kobwezera, ndipo kumeneko ndi kumene ndinawadziwira ukali. Ankandiimitsa kumbuyo pang'ono kwa kabokosi, nkhope kukhoma lam'mbali, raketi m'mwamba, maso pa mpira kuyambira uli m'dzanja la woseva. Ankati sevu yaulemu imapha chifukwa imakunamiza kuti nthawi ilipo. Umauona mpira ukubwera pang'onopang'ono, mtima n'kumati ndiulole ugwe kaye, ndiuone bwino, ndiyeno pamene ukuti uuone bwino, wagona m'kona. Mankhwala ake ankati ndi amodzi: kuuchingamira, kuumenya uli m'malere usanakhudze khoma. Ndipo osaumenya mwaukali kufuna kupha pomwepo, kapena kuudutsitsa pakati pamene mwini sevu akuudikira, koma kuutumiza molunjika, wokwawa m'mbali mwa khoma mpaka kumbuyo, kuti wosevayo achoke pampando akautsate, iwe n'kukakhalapo. Ndikazengereza ankaimitsa masewero n'kundifunsa ngati ndikudikira kuti mpirawo undipatse moni. Mwambi umene ankaukonda ndi uja wa mbewa ya manyazi imene inafera kuuna. Ndinaumva kambirimbiri mpaka ndinayamba kuulota.

Ngakhale kawerengedwe ka mapointi ankatsata kakale, kamene woseva yekha ndi amene amapeza pointi, wobweza akapambana amangolanda mpira kuti aseve. Atamva kuti m'tauni anasintha, kuti aliyense wopambana amawerengeredwa, anati izo n'za anthu othamangira basi. M'chipinda mwawo wobweza ankalimbira mpira kaye, pointi pambuyo.

Mpira wa sikwashi ukazizira sudumpha, ndiye iwo ankautenthetsa m'khwapa pamene akumanga zingwe za nsapato, ndipo ankalankhula nawe mkono umodzi uli chomata ngati munthu wothyoka phewa. Zingwe za raketi zikaduka ankazilukanso ndi ulusi wa ukonde umene ankagula kudoko. Pansi ankakolopa okha, osalola wina. Kabudula wawo woyera anakambidwapo kumpingo, ati mkulu wa mpingo samaonetsa mawondo, iwo n'kuyankha kuti Mulungu mawondowo amawadziwa kale chifukwa amawaona pogwada. Khoma lakumbuyo analisiya lalifupi, chitseko chili pakati pake, ndipo panja anamanga masitepe okwerera pakansanja koonerera. Pakansanjapo ndi pamene pankakhala mai Elube, lichero pamiyendo, akusankha mpunga ndi kutiwerengera mapointi. Sanagwirepo raketi, koma phazi la amuna awo likatuluka m'kabokosi asanamenye mpira, ankaliona ali chosankha mpunga chomwecho. Ndi munthu yekhayo amene ndinamuona akuwatsutsa a Nampinga iwo n'kukhala chete.

A Bonifesi ndi mchimwene wa mai Elube, ndiye mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi malo awo. Ndi munthu wa geni ya mpunga ndi matemba, ndipo maso a geni saona bwalo la masewero. Amaona nyumba youma, ya simenti, ya chitseko chimodzi, m'mbali mwa msewu. Chaka chilichonse mpunga ukacha ankabwera kudzacheza. Mai Elube ankawachingamira pabwalo asanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene, ngati ndi za matumba, yankho ndi lomwe lija la chaka chatha. Tsopano khalani timwe tiyi."

A Bonifesi ankaseka, n'kumwa tiyi, n'kumapita. A Nampinga nthawi imeneyo ankakhala ali m'nyumba, ati akufunafuna magalasi. Mkamwini sayankha za malo, ndipo iwo mwambo umenewo ankausunga mosamala kuposa eni ake. Sindikudziwa ngati anazindikira kuti zaka zonse zija chipinda chawo chinkaima chifukwa cha mayi amene ankayankha nkhani isanafike pampando.

Mai Elube anadwala nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kumene matendawo akupita. Anawauza amuna awo kangapo, kamodzi ine ndili pomwepo, kuti aitane abale akuchikazi ndi akuluakulu a mpingo, mayiwo anene okha ndi pakamwa pawo pamaso pa mboni kuti nyumba ya mpira ndi ya bambowa mpaka tsiku lawo lomaliza. Mawu a mwini malo, onenedwa ali moyo, palibe akanawaphwanya. A Nampinga anakana. Anati kuitana anthu motero n'kukumba manda a munthu wamoyo, ndipo mkazi wawo achira. Ndikumvetsa, chinali chikondi. Koma ndikakumbukira ndimapsa mtima mpaka lero, chifukwa munthu yemweyo amene anatithamangitsira anthu ndi ulaliki wa sevu anakhala ndi mpira m'dzanja miyezi yonse ija, nthawi ili yawo, osaumenya. Mai Elube anamwalira mvula ili pakati.

Mwambo wosudzula unachitika mpunga utayamba kucha. Kuno mkazi akamwalira, mwamuna samangonyamuka kapena kungokhala. Abale a mbali zonse ziwiri amakumana, akuchikazi n'kumumasula kuti ukwati watha, ndipo pomwepo amakambirana za katundu ndi za kumene wamasiyeyo azikhala. Wamasiye salankhula. Amakhala pamphasa, mutu pansi, ndipo pakamwa pake ndi ankhoswe ake. Ankhoswe a a Nampinga anali atamwalira kalekale. M'malo mwawo kunabwera Fanuelo, mwana wa mlongo wawo, mmodzi mwa aja amene ankayembekezera kuti penshoni ya amalume iwaphunzitsa sukulu. Anabwera pa njinga yamoto ya hayala, n'kumuuza mwini njingayo kuti adikire pamsewu.

A Bonifesi analankhula bwino kwambiri, ndipo apo ndiyenera kuwavulira chipewa. Sanakweze mawu. Anati alamu akhala nafe bwino, sanatukwanepo munthu, mlongo wathu anamusamala mpaka mapeto, ndipo palibe amene akuwathamangitsa. Nyumba agonemo mpaka Mulungu adzawaitane. Anthu anaomba m'manja. Kenako, ngati munthu amene wakumbukira kanthu kakang'ono akutuluka pakhomo, anawonjezera:

"Koma kanyumba kampira kaja, alamu, tingopemphako kakona kamodzi. Timatumba tingapo ta mpunga, kuti tisanyowe. Mitengo ikakwera tichotsa. Inu muzisewera ndithu, sitikukuletsani ayi."

Ine ndinali nditakhala kumbuyo kwa a Nampinga, pamalo a anthu opanda mawu. Ndinawerama n'kuwanong'oneza kuti mpira umenewu aubweze pomwepo. Sanagwedezeke. Mkulu woyendetsa mwambo anafunsa ngati akuchimuna ali ndi mawu, ndipo Fanuelo anaimirira, n'kuwayang'ana amalume ake kamodzi chammbali.

"Ife kumbali yathu palibe vuto. Malo ndi anu, nyumbayonso ili pamalo panu. Tangothokoza kuti amalume mwawasunga."

Basi, nkhani inathera pomwepo, pamaso pa mudzi wonse. Asanagawe n'komwe chakudya, njinga yamoto inali italira kale pamsewu.

Mawa lake masana ndinawapeza akukolopa m'bwalo. Ndinalowa ndi nsapato zakuda dala. Ndinawalankhula mawu amene munthu salankhula kwa mkulu, ndipo ndinawabwezera mwambi wawo wa mbewa ya manyazi. Anafinya chikolopa mpaka madzi atatha, kenako n'kundiyankha osakweza mutu.

"Aphunzitsi, mpira uja ndinauona ukuchoka m'dzanja. Ndinadziwa ndi kona imene ukukagwera. Koma raketi anagwira ndi Fanuelo."

Ndinati mwambo akanauphwanya tsiku limodzi, dziko silikanatha. Iwo anati mwamuna amene atsegula pakamwa pa kusudzula kwa mkazi wake chifukwa cha njerwa, anthu amati akulira njerwa osati mkazi, ndipo dzina la Elube likanatafunidwa pamadoko onse. Ndiyeno ananena chinthu chimene chinandipweteka kuposa zonse. Anati komabe alamu anaseva bwino: mokweza, mofatsa, pamaso pa mboni, pa tsiku limene ankadziwa kuti wobweza manja ake ndi omangidwa. Zaka zonse zimene ndinasewera nawo sanandiyamikirepo sevu ngakhale imodzi. Yoyamba imene ndinawamva akuiyamika inali ya a Bonifesi.

Matumba anabwera sabata yomweyo pa ngolo. Onyamula katundu sayenda mtunda wopanda malipiro, ndiye anangolowa pachitseko n'kutembenukira kumanzere, n'kuunjika pomwepo. Kakona kamodzi kaja kanali kona yakumbuyo yakumanzere, imene denga lonse lija linakwezedwera. Timatumba tingapo tija tinafika m'mapewa mwa munthu.

A Nampinga anandituma mawu kuti ndibwere monga mwa masiku onse, ndipo ndinapita. Ndinawapeza atavala kabudula woyera, mpira uli m'khwapa, ngati palibe chachitika. Unali mpira womaliza mwa imene anali nayo. Anaima m'kabokosi kakumanja, ine n'kuima kobwezera, msana wanga ukukhudza matumba, raketi yopanda pokokera. Anaseva. Mpira unakwera, unayandama m'munsi mwa malata, unakhudza khoma, n'kugwera pamwamba pa thumba osamveka n'komwe. Ndinati pointi ndi yawo. Anakana, ati sevu imene mnzako alibe malo oibwezera siwerengedwa, tibwereze. Ndinatola mpira n'kuwaponyera. Anasevanso, ndipo unagwera pa thumba lomwelo. Ndinawapempha kuti afupikitseko, ugwere patsogolo pa matumba, kapena tizingoseva kuchokera kumanzere kokha. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti abe nkhuku. Anati masewero a kona imodzi si sikwashi, ndipo dzanja lawo silinaphunzire kuseva moipa.

Anayesanso. Nthawi imeneyi mpira unakhudza khoma pamalo ake enieni, n'kutsetsereka pakati pa matumba ndi khoma, n'kuzimiririka. Tinaumva ukugunda simenti kamodzi kuseri. Ndinaika raketi pansi kuti ndisunthe matumba, iwo n'kundigwira mkono. Anati mkamwini wosudzulidwa sakhudza matumba a eni malo, chifukwa mawa likapezeka limodzi lopepuka, adzati wamasiye wayamba kudya mpunga wa alamu ake. Anaima kanthawi pamphambano paja, akuyang'ana konayo. Kenako anatuluka, n'kukakhala pa sitepe yoyamba, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Sanalowemonso. Mitengo inakwera, inatsika, inakweranso, matumba osachoka. Kona yakumanja nayo inadzaza. Kenako a Bonifesi anabweretsa loko wawo, ati chifukwa cha akuba, n'kulonjeza kuti kiyi wachiwiri awapatsa alamu akakadulitsa ku Zomba. Pambuyo pa mpunga panabwera matemba. Fungo lake linkafika mpaka m'nyumba imene a Nampinga ankagona, ija imene palibe anawathamangitsamo. Izi ndi zimene anthu ankanena ndikadandaula: kodi anawathamangitsa? Ayi, sanawathamangitse. Ankawapatsanso kansomba pa Khirisimasi.

Masana alionse ankakhala pa sitepe yoyamba ija, akuluka zingwe za maraketi amene palibe ankawagwiritsa ntchito. Pamwamba, pakansanja, sankakwera. A Bonifesi akamadutsa ankawapatsa moni wa manja awiri. Ndinawachonderera kuti tsiku lina tikwere minibasi tikasewere ku Zomba, koma anati munthu amene anali ndi bwalo lake sakapempha nthawi pa bwalo la ena. Ndikabwera kudzawaona ankandifunsa za ana asukulu ndi za mvula, za mpira ayi. Kamodzi kokha, atadwala kale, anandifunsa ngati ndimakumbukabe poima pobweza sevu, ndipo nditawaonetsa pabwalo la dothi anati ndaima kumbuyo kwambiri.

Ndiye kunabwera chaka chija nyanja inaphwa n'kuthawira kutali, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Matemba anasowa, mpunga unapserera, ndipo a Bonifesi anasamutsira geni yawo ku Songani. Matumba onse anatuluka. Ndinapita kukawapempha kiyi, iwo n'kundilandira mwaulemu, n'kundiuza kuti nyanja idzabwera ndipo nyumbayo idzafunika, komanso kuti imeneyi ndi nkhani ya banja. Nyanja inabweradi. Geni sinabwerere. Chipinda chinakhala chopanda kanthu, chokhoma, mwini wake atakhala panja pake mpaka mawondo anawakana. Ichi ndi chimene sindingachikhululuke. Akanakhala kuti anachilanda n'kumachigwiritsa ntchito, bwenzi ndikuti njala ilibe m'bale. Koma anachilanda n'kuchiiwala.

Titachoka kumanda tsiku lija, anthu akupita kukasamba m'manja, ine ndinakhotera kuchinyumbacho n'kukwera masitepe. Ndinali ndisanakwerepo chimwalirire mai Elube. Kuchokera pakansanja chipinda chonse chimaoneka. Lata limodzi linasasuka, ndipo dzuwa limalowera pamenepo n'kugwera pasimenti yodetsedwa ndi mafuta a nsomba. Mizere yofiira yapansi inafufutika, pamphambano pali ndowe za mileme. Pa khoma lakutsogolo, pamene matumba sanafikepo, mzere wa sevu ukadalipo. Mpira wa sikwashi umasiya kadontho kakuda paliponse pamene wagunda, ndipo madontho a ife ophunzira amwazikana khoma lonse ngati nthomba. Koma pamwamba, pafupi ndi denga, pali malo amodzi akuda bii, aakulu ngati lichero, pamene dzanja limodzi linkamenya pomwepomwepo zaka zonse zija.

Ndinatsitsa maso kutsata njira ya mpira, kuchoka pakuda paja, kudutsa m'munsi mwa malata, kukhudza khoma lakumanzere, mpaka m'kona. Onyamula matumba sasesa. M'konamo muli mankhusu a mpunga ndi fumbi, ndipo pakati pake, pamene makoma awiri akumana ndi simenti, pali kampira kakuda. Makoswe anakaluma mbali imodzi. Kali pamalo enieni pamene a Nampinga anakatumiza, ndipo chitseko n'chokhomabe.